Zidole za ku Chinamwali pa windo la ku London

Moni nonse amene mukumvetsera. Gawo lino ndikulijambulira pakhonde la kwathu ku Chinamwali, kuno ku Zomba, komwe ndabwera kudzaona makolo, ndipo kaphokoso mukukamva chapansipansiko ndi achimwene anga amene akupinda mawaya.

Ku London ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kotero munthu poweruka umapeza kwada kale, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Chimene chinkandipepesa mtima m'chaka changa choyamba ndi mawindo a masitolo a mu Oxford Street, makamaka a Selfridges, omwe amakongoletsedwa pa nyengo ya Khirisimasi moti anthu amaima panja n'kumangoyang'ana, osagula kanthu. Nditawatumizira achimwene zithunzi pa WhatsApp, anandiyankha kuti, "Achemwali, kodi izi si zija tinkaumba m'mbali mwa Likangala?" Ndinaona kuti akunena zoona, chifukwa ife tinakula tikuumba ng'ombe zadongo ndi kupanga magalimoto amawaya.

Mayi wina wa kasitolo kogulitsa zakudya za ku Africa, kufupi ndi komwe ndimakhala, anandilola kukongoletsa windo lake. Zidole zoyamba zinali zadongo, ndipo zinafika zitaphwanyikira m'sutikesi, mitu payokha, miyendo payokha. Ndinalira usiku umenewo. Achimwene anayambiranso ndi mawaya, n'kuziveka tizidutswa ta chitenje tomwe ankatola kwa matelala a mumsika wa Zomba, ndipo anapanga mayi wosenza dengu la mango, mnyamata wa kabaza ndi abusa a nkhosa atafunda nsalu.

Ntchito imene inatidyera nthawi ndi ya kafilimu koyendetsa zidolezo. Foni imamangidwa pamalo amodzi kuti isagwedezeke, kenako umasuntha mkono wa chidole pang'ono zedi, n'kujambula, n'kusunthanso. Kuti chidole chioneke ngati chikuyenda pamafunika zithunzi 12 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti mphindi imodzi yokha imadya zithunzi 720. Achimwene ankajambula masana pakhonde pano, koma mtambo ukangophimba dzuwa kuchokera kuphiri kuja, chithunzi chimodzi chinkada, chotsatira n'kuwala, ndipo filimu inkaphethira. Mapeto ake anatseka mawindo a kuchipinda ndi bulangete n'kumagwiritsa ntchito nyale imodzi ya sola. Ine ndinkalumikiza zithunzizo pa kompyuta ndikaweruka kuntchito, nthawi zina mpaka pakati pa usiku.

Tsiku lomwe tinayatsa kafilimuko pawindo, bambo wina wachikulire wa ku Mulanje anaima nthawi yaitali akuyang'ana mnyamata wa kabaza uja akupalasa, kenako analowa n'kufunsa kuti wapanga ndani. Ndinawaimbira achimwene pomwepo kuti alankhulane okha. Mawaya akupinda panowa ndi a zidole za chaka chino, ndipo ndinyamula 9 pobwerera, zitakulungidwa m'zitenje za amayi.