Makalata a omvera: mnzanu ali m'madzi ozizira, wotchi ili ndi inu

Takulandirani omvera nonse. Kuno ku Blantyre chiperoni chatigwira kuyambira dzulo, phiri la Soche silikuoneka n'komwe, ndipo makalata a lero akugwirizana ndi nyengoyi. Yoyamba yachokera kwa achemwali athu a ku Chilomoni.

"Mnzanga akukonzekera kukasambira kuchokera pa chilumba cha Robben Island kukafika ku Blouberg, ku Cape Town, ndipo akadzatha zimenezo maso ake ali pa English Channel. Wandipempha kuti ndizimuperekeza. Kodi ntchito ya woperekeza ndi yotani kwenikweni? Nanga madzi ozizira tikawapeza kuti, poti nyanja yathu ndi yofunda?"

Zikomo achemwali. Tiyambe ndi kukula kwa ntchitoyo. Kuchokera pa Robben Island kufika ku Blouberg ndi makilomita opitirira 7, koma madzi ake nthawi zambiri safika madigiri 16. English Channel, nyanja yopapatiza ya pakati pa England ndi France, ndi makilomita pafupifupi 33 mukayeza mowongoka, ndipo mafunde amamukhotetsa munthu mpaka mtunda kuwonjezereka. Woyamba kuwoloka anali Matthew Webb mu 1875, anatenga maola 21 ndi mphindi 45. Mabungwe oyang'anira kumeneko salola wetsuit, chovala chothina chosambirira chimene chimasunga kutentha m'thupi, ndipo amafuna umboni woti munthu anasambirapo maola 6 m'madzi a madigiri pafupifupi 16 kapena kutsika apo.

Za nyanja yathu mwanena zoona. Ngakhale mu Julayi madzi a pamwamba satsika pansi pa madigiri 20. Choncho ntchito muigawe pawiri. Mtunda akauphunzire ku nyanja. Kuzizira akakuphunzire m'maiwe osambiramo a panja omwe satenthetsedwa, m'mamawa mu Juni ndi Julayi, kapena m'maiwe a m'mphepete mwa phiri la Mulanje monga ku Likhubula. Kumeneko pitani ndi woperekeza wa m'deralo, ndipo nthawi ya mvula musayerekeze, madzi amatsika m'phiri mosachenjeza. Gulani thermometer, kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi. Dzanja limanama.

Mphindi ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndiye zoopsa kwambiri. Khungu likangokumana ndi madzi ozizira munthu amakoka mpweya mosafuna, amapuma mwawefuwefu, mtima n'kumagunda mothamanga. Ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo, amakoka madzi. N'chifukwa chake asamadumphire. Alowe choyenda, anyowetse nkhope ndi khosi, adikire mpaka kupuma kukhazikike, kenako ayambe. Akalowa motero ka 5 kapena ka 6 pa masiku oyandikana, kudzidzimukako kumachepa pafupifupi ndi theka. Tsiku loyamba mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Ndipo asanayambe zonsezi akapimitse mtima ndi BP kuchipatala.

Tsono ntchito yanu, achemwali, ndi wotchi ndi kope. Mphindi 15 zilizonse muwerenge kuti pa mphindi imodzi manja ake alowa m'madzi kangati, mulembe. Munthu amene amaponya 60 akatsika kufika 53 kapena 52, n'kusakweranso ngakhale mwamumwetsa, thupi layamba kugonja. Muonenso zala: zikamatakasuka zokha, kulephera kugundana, kuzizira kwafika m'minofu ya mkono. Miyendo ikamamira, akamakhota kusiya boti, mufunseni funso losavuta, dzina la mwana wake kapena tsiku la lero. Akayankha ngati woledzera, kapena akangokuyang'anani, mutulutseni. Chovuta chake n'chakuti kuzizira kumayamba kusokoneza mutu umene ukanamuuza kuti atuluke, ndiye amakana, ena amatukwana kumene. Mugwirizane muli pamtunda, ali wofunda, kuti mawu omaliza ndi anu.

Kalata yachiwiri ikuchokera kwa mayi a ku Zingwangwa, amene akuti ndi anamwino. Iwo sakufunsa, akutiphunzitsa.

"Anthu ambiri amaganiza kuti wosambira akatuluka ngozi yatha. Ayi. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika pansi pa 35 ndiye matenda amene timawatcha hypothermia. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo munthu akatuluka, kuzizira kwa khungu ndi minofu kumapitirirabe kulowa m'kati kwa mphindi 10 mpaka 30, mwinanso kuposa. Amatuluka akuseka, pakapita mphindi 10 akulephera kugwira kapu. Mphindi zoyambazo muzigwiritse ntchito. Muvuleni zonyowa, mupukuteni modinda ndi tawulo, osati mokhula. Muyambe kumuveka kumtunda: malaya, juzi, chipewa chaubweya, kenako buluku ndi sokosi. Zovala zikhale zopanda mabatani ambiri chifukwa zala sizigwira. Aime pa katoni kapena pa mphasa, osati pa simenti. Amwe tiyi wofunda wa shuga pang'onopang'ono. Musamulowetse m'bafa la madzi otentha, musamukhazike pafupi kwambiri ndi mbaula: mitsempha ya pakhungu imatseguka mwadzidzidzi, BP imatsika, munthu n'kukomoka. Asayendetse galimoto mpaka kunjenjemera kutatheratu. Kunjenjemera pakokha n'kwabwino, thupi likudzitenthetsa. Woopsa ndi amene wazizira koma wasiya kunjenjemera, akuwodzera, akulankhula zosamveka. Ameneyo mugonekeni, mufunditseni, mumunyamule mosamala, musamumwetse kanthu, muthamangire naye kuchipatala. Chimodzimodzi amene akutsokomola thovu, makamaka lofiirira ngati muli magazi, ndi kubanika: ndi madzi m'mapapo, ngakhale sanamwe madzi."

Mayi, palibe chochotsapo. Ndingowonjezera za mbaula: musaiyatse m'galimoto kapena m'chipinda chotseka pofuna kumufunditsa, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Ndipo zovala muziyale mwadongosolo iye asanalowe m'madzi, chovalidwa poyamba chikhale pamwamba. Kufufuza sokosi m'chikwama munthu akugwedezeka mano ndi kutaya mphindi zomwe mayiwa akunena.

Achimwene a ku Ndirande alemba mwachidule: "Kodi munthu wosambira maola 6 amadya bwanji? Ndinamvanso kuti amadzola mafuta ambiri kuti asazizidwe, ndipo katoti ka mowa kamafunditsa. Nzoona?"

Achimwene, katotiko kaiwaleni. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi. Mafuta nawonso safunditsa. Vaseline ntchito yake ndi kuteteza khungu kuti lisasupuke m'khwapa, m'khosi, m'mphechepeche ndi momwe mwadutsa zingwe za chovala. Womudzozayo avale pulasitiki kudzanja, chifukwa mafuta akafika pa magalasi osambirira, wosambira saonanso kanthu. Amuna amete ndevu, apo ayi zimapala phewa mpaka kutuluka magazi.

Kudya kwake n'kumwa. Mphindi 30 zilizonse apatsidwe mamililita 200 mpaka 300 a chakumwa chofunda, osati chowotcha, chokhala ndi chakudya chopatsa mphamvu. Pa ola limodzi pamafunika magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chimenechi. Masipuni aakulu awiri a shuga m'kapu ya tiyi ndi magalamu pafupifupi 25, ndiye makapu awiri pa ola afikapo. Phala la madzimadzi losefa kapena thobwa losasasa limathandiza shuga akayamba kukola, komanso kachidutswa ka nthochi yakupsa. M'nyanja yathu onjezani kamchere pang'ono, koma ku Cape Town musatero, mchere amakhala akumwa kale. Madzi otentha akhale mu fulasiki, muzisakaniza nthawi yomweyo. Botolo mulimange ku chingwe cha mamita 5 kapena kuposa, muliponye patsogolo pake, chifukwa pa malamulo a kusambira kotereku akangogwira boti ndiye kuti zathera pomwepo. Amwe msanga, masekondi osapitirira 30. Akaima nthawi yaitali amazizidwa, ndipo madzi amamukokera kumbuyo. Zonsezi muziyesere pokonzekera. Mimba imene sinazolowere kulandira chakudya munthu ali chigonere m'madzi imabweza.

Yomaliza yachokera kwa bambo a ku Bangwe, amene akuti zaboti amazidziwa bwino.

"Wosambira asamatsogolere boti, ndipo asamalitsate kumbuyo komwe kuli pulopela ndi utsi wa injini. Akhale pambali, mamita 3 mpaka 5, molunjika ndi pakati pa boti, kumbali imene amapumira kuti aziliona. Njira amaongola ndi woyendetsa, wosambira amangosunga mpatawo. Mphepo ikamawomba, boti limutchinge, koma muonetsetse kuti utsi sukupita kwa iye. Pomumwetsa ndi pomukweza injini ichotsedwe mu giya. M'boti mukhale anthu awiri osachepera, wina wa injini, wina maso pa wosambira basi. Mwera umawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiye nyamukani mbandakucha ndipo mufunse asodzi a pa dokopo. Pewani mathiriro a mitsinje ndi malo a bango, ndiko kumakhala ng'ona ndi mvuu. Muyesere kumukweza m'boti tsiku loyamba, madzi ali bata. Munthu wotopa, woterera ndi Vaseline, sakwezeka ndi manja okha, pamafunika makwerero kapena tawulo lomukulunga m'khwapa."

Bambo, mwatikumbutsa chinthu chimene ambiri amachiganizira mochedwa. Bwato la nkhafi ndi labwino poperekeza pafupi ndi gombe, koma simungakwezemo munthu wofooka popanda kuligubuduza, ndiye ulendo wa pakati pa nyanja ufunika boti lenileni. Wosambira avale kachipewa kowala, kachikasu kapena ka olenji, chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka. Foni ikhale m'pulasitiki, yodzaza moto, ndipo wina pamtunda adziwe nthawi imene mukuyembekezeka kubwera. Mtunda wophunzirirapo ulipo wokwanira: akatswiri osambira Lewis Pugh ndi Otto Thaning anawoloka nyanja yathu posambira mu 1992.

Achemwali a ku Chilomoni, kanthu kena nthawi isanatithere. Madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja, momwe muli nkhono, ndimo mumakhala likodzo. Pakatha miyezi iwiri chibwerereni ku nyanja, nonse awiri mukayezetse kuchipatala, inunso, chifukwa pokankha boti mumaponda m'madzi omwewo.