Makalata a Omvera: Ndikongole Ndalama Kuti Ndiyendetse Jeti?

Takulandiraninso ku gawo lathu la makalata. Lero onse atatu achokera kwa oyendetsa ndege, ndiye tisataye nthawi.

Yoyamba ndi ya bambo amene apempha kuti dzina lawo tilisunge. Iwo akuti: "Ndayendetsa ndege za mapulopela kwa zaka zambiri, poyamba Cessna Caravan, panopa King Air. Maola 1,500 amene amafunika pa layisensi ya ATPL, yapamwamba kwambiri ya oyendetsa ndege, ndinawapitirira kalekale. Koma kulikonse kumene ndafunsira ntchito ya jeti, kuli zii. Anzanga akuti ndidzilipirire ndekha type rating ya Airbus A320 kuti mabwana andione. Kodi ndikongole ndalamazo?"

Zikomo bambo. Ndiyambe ndathandiza omvera amene nkhaniyi ndi yachilendo kwa iwo. Layisensi payokha sikuloleza munthu kuyendetsa ndege iliyonse. Ku America, mwachitsanzo, jeti iliyonse komanso ndege yolemera kuposa makilogalamu pafupifupi 5,700 imafuna chilolezo chakechake, ndicho type rating. Munthu amakhala masabata angapo m'kalasi kuphunzira mainjini, magetsi ndi mafuta a ndege imodziyo. Kenako amalowa mu simyuleta, makina oyerekezera ndege yeniyeni, kumene mphunzitsi amamuzimitsira injini ndege itangotsala pang'ono kudzuka pansi, kuti aone ngati phazi ligwire ntchito yake yowongola ndege mphuno ya ndegeyo isanapatuke. Ndalama zake ndi madola masauzande ambirimbiri.

Tsono yankho langa, bambo, ndi lakuti ayi, pokhapokha kalata ya ntchito ili kale m'manja mwanu.

Tawerengani bwino zotsatsa ntchitozo. Makampani ambiri amazigawa pawiri. Pali za anthu odziwa kale ndegeyo, ndipo kumeneko safunsa chilolezo chokha, amafunsanso maola amene mwainyamulira anthu, kawirikawiri 500. Palinso za anthu osaidziwa, amene kampani imawaphunzitsa yokha. Inu mukakhala ndi chilolezo chopanda ola ngakhale limodzi, koyambako akukanani, kwachiwiriko mukaima pamzere umodzi ndi munthu amene sanalipire kanthu. Komanso chilolezocho chimatha. Ku Ulaya chimagwira ntchito chaka chimodzi, kenako mubwerere mu simyuleta kukayesedwanso, ndalama zotuluka m'thumba lomwelo. Miyezi ikamapita musanakhudze ndegeyo, manja amaiwala, ndipo oyesa anthu ntchito amazindikira msanga.

Chimene ndikuganiza kuti chikukutsekerani khomo ndi china. Caravan ndi King Air nthawi zambiri woyendetsa amakhala yekha kutsogolo. Jeti ya kampani imayenda ndi anthu awiri, wina akuulutsa, wina akuyang'anira zida ndi kulankhula pa wailesi, aliyense akuyankha mnzake mawu ndi mawu. Munthu wozolowera kuchita zonse yekha amatambasula dzanja kukakhudza switchi ya mnzake asanaganize n'komwe, ndipo mabwana amaopa zimenezo. N'chifukwa chake ku Ulaya ATPL imafuna maola 500 oyendetsa muli awiri. Ngati pali ndalama yoti muwononge, kosi ya MCC yophunzitsa kugwirira ntchito limodzi ndi yotsikirapo mtengo. Ndipo mpando wa ATR 72 kapena Dash 8, ngakhale ndi za mapulopela zomwezo, ungakufikitseni pafupi ndi jeti kuposa pepala logula.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi amene amayendetsa ATR 72, ndipo akunditsutsa ndisanayankhule n'komwe. Akuti: "Ndikudziwa mudzati tisalipire. Koma mnzanga analipira chilolezo cha Boeing 737, lero ali pantchito. Ifeyo tizingodikira chifundo cha kampani mpaka imvi?"

Mayi, mnzanuyo sakunama. Alipo makampani amene amafuna kuti wolowa ntchito alipire yekha. Ryanair ya ku Ireland imadziwika ndi zimenezi kwa oyamba kumene, ndipo Southwest Airlines ku America inakhala zaka zambiri ikufuna kuti munthu abwere ndi chilolezo cha 737 cha iye mwini. Koma mukamufunse mnzanuyo chimene chinayamba: kulipira, kapena kukhoza intavyu? Ambiri amene zinawayendera analipira atauzidwa kale kuti malo alipo, ndipo anakaphunzira kusukulu imene kampaniyo inawalozera. Mufunsenso chaka. Ndege zikachuluka oyendetsa n'kuchepa, makampani amalipira okha, n'kukumangani ndi bondi yoti mugwire zaka zingapo, mukachoka msanga mubweze. Zinthu zikatembenuka, ngati mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege padziko lonse, makaputeni a maola masauzande pa 737 yomweyo anakhala pakhomo. Wachilolezo chatsopano akanapikisana nawo bwanji?

Pali chinanso chimene ndimadana nacho, ndipo sindibisa. Ena amagulitsa chilolezo pamodzi ndi maola, kuti mulipire n'kumanyamula anthu popanda malipiro mpaka maolawo akwane. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mumagwira ntchito ya munthu amene akanalandira malipiro, maolawo akatha amakutsitsani n'kukweza wina wobwera ndi chikwama, ndipo alipo olemba ntchito amene akaona zotere m'buku lanu la maola amakwinya nkhope. Inu mayi muli kale ndi maola a anthu awiri pa ndege ya kampani. Ngati ukaputeni wa ATR uli pafupi, utengeni kaye.

Yomaliza ndi yaifupi. Achimwene ena akufunsa: "Kampani ikandiuza kuti ndilipire ndekha, ndisankhe A320 kapena 737?"

Achimwene, ikakuuzani kampani, yasankha kale ndi iyo. Chongodziwa n'chakuti chilolezo cha A320 chimakwanira pa A318, A319, A320 ndi A321. Musanasaine, funsani kuti alembe papepala tsiku loyamba ntchito, amene alipire kunyamuka ndi kutera koyamba mu ndege yeniyeni, ndi chimene chichitike ndi ndalama zanu ngati iwo asintha maganizo inu mutamaliza maphunziro. Akazengereza kulemba, musatumize ndalama.

Nthawi yatithera. Makalata otsala tiwawerenga sabata yamawa.