Kwa Amene Mukuphunzira Uphunzitsi wa Yoga

Omvera athu, makamaka inu amene mukukonzekera kuphunzitsa yoga, maphunziro ambiri a ntchitoyi, monga amene amachitikira ku Rishikesh m'mbali mwa mtsinje wa Ganges ku India, amatenga maola 200, ndipo popeza nthawiyi ndi yochepa, muyenera kudziwa poyambira.

Yambani ndi chiphunzitso. Buku lakale la Yoga Sutra, limene Patanjali analemba m'chiyankhulo cha Sanskrit, limagawa yoga m'nthambi 8, ndipo kaimidwe ndi kakhalidwe ka thupi, kotchedwa asana, ndi nthambi yachitatu chabe. Zoyambirira ndi yama ndi niyama, malamulo a mmene munthu angakhalire ndi anzake ndiponso mmene angadzisungire yekha. Lamulo loyamba ndi ahimsa, kusavulaza chamoyo chilichonse, ndipo ine ndimaona kuti mphunzitsi ayenera kuyamba kulitsata pa wophunzira amene ali patsogolo pake.

Za asana, Patanjali ananena kuti thupi likhale lokhazikika ndi lomasuka. Choncho musakankhe munthu pamsana pofuna kuti chipumi chake chigunde mawondo. Mufunseni kaye ngati amavutika ndi msana, mawondo kapena kuthamanga kwa magazi, ngati ndi mayi mumve ngati ali woyembekezera, ndipo musamukhudze musanapemphe chilolezo. B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa yoga wa ku India amene anaphunzira kwa katswiri wa yoga Krishnamacharya mumzinda wa Mysore n'kukaphunzitsa mumzinda wa Pune, ankathandiza ophunzira ndi malamba, timatabwa ndi mabulangete kuti okalamba ndi odwala omwe athe kuchita nawo, ndiye inunso musaone ngati kuchirikiza munthu n'kumupeputsa.

Kapumidwe, kamene amati pranayama, kabwere thupi litazolowera kukhala phee. Yambani ndi nadi shodhana, kumene ndi kupuma mosinthanitsa mphuno. Wophunzira akhale pansi atawongola msana, atseke mphuno yakumanja ndi chala chachikulu n'kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi yakumanzere. Kenako atseke yakumanzere ndi chala chovala mphete, atulutse mpweya kumanja, aukokenso kumanja komweko, n'kuutulutsira kumanzere. Umenewo ndi ulendo umodzi, ndipo maulendo asanu ndi okwanira pa tsiku loyamba. Kugwira mpweya m'chifuwa, kumene amati kumbhaka, musawaphunzitse oyamba kumene, ndipo wina akamva chizungulire, muuzeni atsitse dzanja n'kupuma monga mwa masiku onse mpaka mutu utakhazikika.