Madzi a pamsasa asalowe mu RV yanu opanda regulator

Zikomo a tcheyamani, zikomo azimayi ndi azibambo nonse. Ndapemphedwa kuti ndilankhulepo za madzi mu RV, magalimoto aja okhala ngati nyumba, poti nyengo yotentha yayandikira ndipo mabanja angapo pano agula ma RV akaunjika kuti azikagona ndi ana kunyanja ya Michigan. Kuno ku Elkhart, ku Indiana, ndi kumene ma RV ambiri a dziko lino la America amapangidwira, ena mwa inu mumalawirira kuchokera ku South Bend kukagwira ntchito m'mafakitale momwemo. Komabe ndaona anthu amene amalumikiza mapaipiwa ndi manja awo kuntchito akufika pamsasa n'kungomanga hosipaipi pampopi popanda kanthu aka ndagwira apa, ka regulator, kochepetsa mphamvu ya madzi. Muziyendetsa, aliyense akaone.

Kwathu tinazolowera kudandaula kuti madzi pampopi akungodontha. Kuno vuto ndi lina: madzi amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo. Mapaipi a mu RV ndi apulasitiki, aja a PEX, ndipo pofooka penipeni ndi pamalumikizo, kuseri kwa chimbudzi, pansi pa sinki, kumbuyo kwa thanki yotenthetsa madzi. Mapaipiwa amakhala bwino pa 40 mpaka 50 psi, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya madzi. Ma RV atsopano amapirira mpaka 60. Koma mpopi wa pamsasa ukhoza kukankha 100 kapena kuposa, makamaka usiku anthu onse akagona, palibe akutunga.

Ine zinandionekera. Tinafika pamsasa wina madzulo, ndinamanga hosipaipi mothamanga, tinagona. M'bandakucha mayi akunyumba akuponda pansi, kapeti yense chonyowa. Kalumikizo kamodzi pansi pa sinki kanali katamasuka, madzi akhala akuyenda usiku wonse. Thabwa la pansi linafufuma, ndipo ndalama zokonzetsera zikanagula ma regulator ochuluka.

Tsono posankha. Pali aja ang'onoang'ono otchipa, ongoikidwiratu ku fakitale pa 40 kapena 50, opanda geji, kawotchi kaja kosonyeza mphamvu ya madzi. Amateteza ndithu, sindikuwanyoza, koma njira yake yamkati ndi yopapatiza, ndiye mukalowa m'bafa madzi amangoti pang'onopang'ono, sopo osachoka m'mutu. Ambiri akatopa nazo amangochotsa, n'kubwerera pangozi pomwe paja. Ine ndimati onjezerani ndalama pang'ono mugule wa geji, wokhala ndi sikuluu pamwamba yosinthira. Ukhale wachitsulo cha brass, ndipo papaketi palembedwe kuti lead-free, kutanthauza kuti wopanda mtovu. Awa ndi madzi amene ana anu adzamwe. Kuyambira mu 2014 lamulo la dziko lino silola mtovu woposa 0.25 peresenti pazipangizo za madzi akumwa, koma zakale zimapezekabe m'ma garage sale, momwe anthu amagulitsa katundu wawo wakale pakhomo, choncho wakaunjika musatole. Mano ake ndi a mainchesi 3/4, ofanana ndi hosipaipi ya kudimba.

Amayi kumbuyoko afunsa kuti amamangidwa pati. Funso labwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mangani pampopi penipeni pa msasa, kenako fyuluta ngati muli nayo, kenako hosipaipi yoyera ija ya madzi akumwa, n'kumalizira pakhoma la RV. Mukaika regulator kukhoma, hosipaipi yonse imasenza mphamvu ija yokha, ikatenthedwa ndi dzuwa imatupa mpaka kuphulika. Onaninso kuti kalabala kali m'kati musanamange.

Kutchera kwake, tsegulani mpopi pang'onopang'ono. Lowani m'kati, tsegulani wa pasinki mpaka mpweya utasiya kutsokomola, mutseke. Tsopano werengani geji mipopi yonse ili yotseka. Ine ndimaika pa 45. Kutembenuza sikuluu kumanja, mmene imayendera wotchi, mphamvu imakwera, kumanzere imatsika. Koma tamverani apa. Mukamatsitsa, muvi sutsika wokha, chifukwa madzi aja atsekeredwa kale m'mapaipi. Munthu amangopotokola, kupotokola, n'kumati chipangizo chafa. Ayi. Potokolani pang'ono, mwana atsegule mpopi m'katimo kamphindi, atseke, ndiye muwerengenso. Ndipo mukaona muvi watsika pamene wina akusamba, musathamangire kukweza, ndi mmene zimakhalira madzi akamayenda.

Regulator sawonjezera mphamvu, amangochepetsa. Msasa ukakhala ndi madzi ofooka, dzazani thanki yanu mugwiritse ntchito pampu ya m'galimotomo.

Mukamachoka pamsasa, ngakhale kungopita kukagula buledi, tsekani mpopi. Ndipo chisanu cha Indiana mukuchidziwa. Nyengo ikamatha masulani regulator, mumukutumule madzi onse atuluke, mukamusunge m'nyumba. Akagona m'galaja madzi ali m'kati, geji imasweka, chaka chamawa izidzakunamizani. Bambo amene muli nayo panopa, tabweretsani kuno ndionetse sikuluu ija kwa amene akhala kutsogoloku.