Achimwene, za makomiki mumafunsa zija

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Ndangofika kumene kuchokera kuntchito, ndiye ndati ndijambule mawu chifukwa kulemba kukanatalika. Mumafunsa ngati mungaike ndalama yanu pa makomiki, timabuku ta nkhani za zithunzi tija, kuti mudzagulitse mtengo ukakwera. Ngati alamu ali pafupi aitaneni mumvere limodzi, poti ndalama ya fodya mukunenayi munakhetsera thukuta nonse awiri.

Vidiyo mwanditumizira ija ndaionera kawiri. Mnyamata uja sakunama ayi. Kabuku akuonetsako ndi Action Comics nambala 1, ka 1938, momwe Superman anaonekera koyamba. Pomwe kamatuluka kanali ka masenti 10, ndipo mu Epulo 2024 kope limodzi linagulidwa madola 6 miliyoni pa okushoni ya Heritage ku America. Zimenezo n'zoona. Koma chomwe sanakuuzeni ndi chifukwa chake kanafika mtengo umenewo. Anasindikiza makope pafupifupi 200,000, pa pepala lotchipa ngati la nyuzipepala. Ana ankawerenga, kubwerekana, kung'amba. Itabwera nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mapepala akale ankasonkhanitsidwa kuti akagwire ntchito zina, ndipo otsalawo makolo ankangotaya posesa m'nyumba. Lero makope amene alipo ndi ngati 100 basi. Palibe ankaganiza zosunga, n'chifukwa chake kakusowa, ndipo kusowako ndiye ndalamayo.

Tsono mumve zomwe zinachitika anthu atadziwa kuti timabukuti tili ndi ndalama. Cha m'ma 1990 aliyense ku America ankagula makomiki atsopano n'kumasunga m'mapepala apulasitiki osawerenga n'komwe, kudikira kulemera. X-Men nambala 1 ya 1991 inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni. Aliyense anasunga, ndiye aliyense ali nayo. Kuno ku Manchester ndimaiona m'makatoni m'sitolo ya makomiki, mtengo wake mapaundi ochepa chabe, chonsecho padutsa zaka zoposa 30. Masitolo ambiri anatsekedwa msika utagwa, ndipo kampani ya Marvel yeniyeniyo, yomwe imasindikiza X-Men, mu 1996 inakadziwonetsa kukhoti kuti ngongole zaikulira. Choncho akakuuzani kuti gulani katsopano aka, n'kapadera, musunge, kumbukirani kuti anthu zikwi zambiri auzidwanso mawu omwewo tsiku lomwelo.

Amene amaudziwa msikawu safuna buku lililonse lakale. Amasaka lomwe munthu wotchuka wa m'nkhanizi anaonekeramo koyamba. Spider-Man anayambira mu Amazing Fantasy nambala 15 ya 1962, ndipo kope labwino kwambiri linagulidwa madola 3.6 miliyoni mu 2021. Black Panther, yemwe ana anu amamudziwa uja, anayambira mu Fantastic Four nambala 52 ya 1966. Limeneli mtengo wake unakwera filimu ija itatuluka mu 2018. Koma mitengo yokwera chifukwa cha filimu imatsikanso anthu akasiya kukamba za filimuyo. Nthawi ya Covid, mu 2020 ndi 2021, anthu ali bindikiro m'nyumba, mitengo inathamanga koopsa. Kuyambira 2022 yambiri inabwerera pansi, ndipo amene anagula pamwamba paja ena mpaka pano akudikirabe kuti ndalama yawo ibwerere.

Mbali iyi ndiye muimvetsa msanga kuposa ine, chifukwa ndi nkhani ya giredi. Mukudziwa kuti ku Kanengo mabelo awiri ochokera m'munda umodzi amatha kugulidwa mitengo yosiyana kutali, chifukwa cha mtundu wa tsamba ndi kasankhidwe. Kunonso ndi chimodzimodzi. Kuli kampani yotchedwa CGC, ya ku Florida, inayamba mu 2000. Umatumiza buku lako, iwo amaliyang'ana tsamba ndi tsamba, n'kulipatsa giredi kuyambira 0.5 mpaka 10, kenako amalitsekera m'kabokosi kolimba kapulasitiki koonekera. Ukatsegula kabokosiko, giredi ija yatha ntchito. Kakhwinya kamodzi pakona, kadzimbiri pa waya womangira masamba, masamba kuyamba kufiirira, zonsezo zimatsitsa nambala. Buku lomwelo la 9.8 ndi la 9.2, ndi maso athuwa simungaone kusiyana, koma mtengo umatha kusiyana kangapo. Ndipo kuyezetsako n'kolipira, kutumiza n'kolipira, komanso umadikira masabata ambiri.

Pamwamba pa kabokosiko pamakhala kachikwangwani. Kakakhala ka buluu ndiye kuti bukulo silinakhudzidwe. Kakakhala kapepo ndiye kuti wina analikonzapo, mwina kupaka utoto pomwe panasupuka kapena kumata pong'ambika, ndipo ogula amalithawa kapena kutsitsa mtengo kwambiri. Izi ndinaziphunzira ndi ndalama yanga. Chaka chatha, pa msika wa Lamlungu pomwe anthu amagulitsa katundu wakale kuchokera kumbuyo kwa galimoto zawo, ndinagula kabuku ka m'ma 1970 pa mapaundi 90. Kamaoneka bwino zedi. Nditapita nako kwa bambo wina wodziwa, anangokaunika ndi katochi kake kowala mwabuluu, madontho a inki n'kuonekera pamsana pake pomwe wina anadetsa ndi cholembera. Anandiuza kuti ngakhale theka la ndalama yanga sangandipatse. Zinandiwawa, achimwene, chifukwa mapaundi 90 ndi tsiku lathunthu ndili chiimire. Ndipo ine kabukuko ndinakagwira m'manja, ndinakatembenuza. Nanga inu wogula poona chithunzi pa foni?

Palinso misampha ina iwiri. Makampani omwewo amasindikizanso mabuku otchuka aja, chikuto chofanana ndendende ndi chakale, n'kumagulitsa poyera pa mtengo wamba. Palibe cholakwa pamenepo, koma wakuba amatha kujambula lotero n'kunena kuti ndi lenilenilo. Komanso kuno ku Britain ambiri akale ali ndi mtengo wa mapeni pachikuto m'malo mwa masenti, poti anasindikizidwira msika wa kuno, ndipo kawirikawiri amagulidwa motsikirapo kuyerekeza ndi a masenti. Munthu amene wakulemberani ku inbox uja, woti mumutumizire ndalama iye akugulireni, musamutumizire ngakhale tambala. Ngati alidi ndi buku loyezedwa, apereke nambala yomwe ili pa kachikwangwaniko, ine ndikaiyang'ana pa webusaiti ya CGC. Akayamba kuzungulira, mwadziwa kale.

Tiyerekeze kuti tapeza labwino, lenileni. Mulisunga kuti? Pepala limadana ndi chinyezi, kutentha ndi dzuwa. Nyumba yamalata mu Okutobala mukuidziwa, ndipo dzinja likafika ngakhale zovala m'sutikesi zimachita nkhungu. Kabokosi kapulasitiki kaja sikatsekereza chinyezi chonse. Kuli chiswe, kuli makoswe. Mukukumbukira momwe tinapezera masatifiketi a malemu bambo aja? Ndiye tsiku lofuna kugulitsa, wogula mumupeza kuti? Msika wake uli kuno ndi ku America. Muyenera kulitumiza kunja, kulipira inshuwalansi, ndipo a eBay, msika wa pa intaneti uja, kapena a okushoni amadulapo gawo lawo. Mwana akadwala usiku, mbuzi mumagulitsa m'mawa mwake. Bukuli mutha kudikira miyezi, ndipo mukafulumira mugulitsa motaya. Zaka zonse likugona m'kabatimo silibereka kanthu, pomwe ng'ombe ikanakupatsani thole ndi manyowa.

Sindikukunyozani ayi, ndikumvetsa pomwe maganizowa achokera. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama munasunga ija inasungunuka muli kuyang'ana, ndipo mukufuna chinthu chomwe mtengo wake umawerengedwa m'madola. Mantha amenewo ndi oyenera. Koma feteleza nayenso amayendera dola yomweyo. Mukagula matumba a chaka chamawa panopa, ndi malata otsala a nyumba ija, ndalamayo mwaithawitsa kale ku kwacha, ndipo mwaiika pa zinthu zomwe mumazidziwa bwino kuposa wina aliyense wa pa intaneti.

Za makomikizi tichite chonchi. Ndalama yanu isachoke kumeneko. Ine ndipatula mapaundi 150 anga, pang'onopang'ono, mpaka Disembala. Ndisaka kabuku kamodzi kokha, koyezedwa kale, ka kachikwangwani ka buluu, kamene munthu wodziwika anaonekeramo koyamba, ngakhale giredi ikhale yapakatikati. Pa ndalama imeneyo za Spider-Man woyamba uja tisalote, tipeza kocheperapo. Ndisanagule ndiziyang'ana mitengo yomwe anthu agulitsiradi miyezi yapitayi, osati yomwe ogulitsa akutchula, poti kutchula mtengo aliyense amatha. Ndikasunga kuno pouma, mumdima, ndipo ndikutumizirani chithunzi ndi nambala yake kuti inunso muziona momwe kakuyendera. Tikapatse zaka 10. Kakakwera, zipite ku sukulu ya mwana wanu wamkulu uja. Kakatsika, ndataya ine, ndipo munda wanu sunakhudzidwe.

Mundiuze mtengo wa thumba la feteleza sabata ino ku Kasungu, ndi malata angati atsala kuti denga lithe, ndione ngati ndingawonjezerepo kumapeto kwa mwezi. Dzina la munthu wa ku inbox uja munditumizirenso ndilione. Ndiimba Loweruka madzulo ndikaweruka, cha m'ma 8 koloko nthawi ya kwanuko, foni ikhale ndi moto. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndapatsira munthu amene akubwera mwezi wamawa.