Zomwe Madokotala Akuona Akaphatikiza Maso Mamiliyoni

Muli bwanji nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu. Lero nkhani ndi ya maso, koma osati diso la munthu m'modzi ayi, tikukamba za mafayilo ndi zithunzi za odwala mamiliyoni zikaunjikidwa pamodzi mu kompyuta, ija amati big data.

Tiyambe ndi opaleshoni ya ng'ala. Imeneyi imapangidwa kwambiri padziko lonse ndipo nthawi zambiri imayenda bwinobwino, m'mawa mwake munthu wayamba kale kuona. Koma pali vuto limodzi lomwe dokotala wa maso aliyense amaliopa, tizilombo kulowa mkati mwa diso opaleshoni itatha, diso nkuchita mafinya, ndipo mukachedwa nalo diso lija lapita basi. Sizichitikachitika, mwina munthu m'modzi pa anthu 1,000 kapena kuchepera apo. Ndiye taganizani dokotala yemwe amapanga maopaleshoni mahandiredi angapo pa chaka, chaka chonse chatha vutoli sanaliwonepo, adziwa bwanji kuti njira yake ndi yabwino kapena wangochita mwayi? Sangadziwe. Odwala ake ndi ochepa kwambiri kuti amuuze zoona.

Ku Sweden anayamba kaundula wa dziko lonse wa maopaleshoni a ng'ala mu 1992, pafupifupi opaleshoni iliyonse nkumalembedwa, anagwiritsa chani, zinatha bwanji. Manambala atachuluka zinaonekeratu kuti akathira mankhwala opha tizilombo a cefuroxime mkati mwa diso pomaliza opaleshoni, vuto lija limatsika. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya yemwe anatuluka mu 2007 anapeza kuti limatsika pafupifupi kasanu. Kenako zipatala za Aravind ku India zinayang'ana maopaleshoni opitirira 600,000, iwo akugwiritsa mankhwala ena opha tizilombo a moxifloxacin, nkupeza kuti latsika kupitirira katatu. Mwaona? Apa panalibe makina anzeru aliwonse, kunali kungolemba mokhulupirika ndi kuwerengera basi, ndipo ine mbali imeneyi ndi yomwe imandisangalatsa kwambiri ngakhale siitchuka.

Ku America bungwe la madokotala a maso, American Academy of Ophthalmology, linayambitsa kaundula wake wa IRIS Registry mu 2014. Dokotala akalemba za wodwala mu kompyuta ya ku chipatala kwake, detayo imapita yokha ku kaundulayo, ndipo pano muli odwala mamiliyoni makumi angapo. Ntchito yake imaoneka bwino pa mankhwala atsopano. Jakisoni wa m'diso wa brolucizumab anavomerezedwa mu 2019, chaka chotsatira madokotala anayamba kunena kuti odwala ena mitsempha ya magazi ya kumbuyo kwa diso ikutupa. Funso linali loti ndi angati, komanso ndani ali pa chiopsezo, ndiye ofufuza analowa mu kaundula uja kukawerenga anthu omwe analandira jakisoniyo m'zipatala wamba, osati okhawo osankhidwa bwino pa nthawi yoyesa mankhwala.

Tsopano zithunzi. Diso lili ndi mwayi womwe ziwalo zina zilibe, ukajambula kumbuyo kwake, pa retina paja, umaona mitsempha ya magazi ili poyera osacheka munthu. Matenda a shuga amaononga timitsempha timeneti mwakachetechete, munthu akuona bwinobwino koma mkati tayamba kutuluka magazi, pomwe azizindikira nthawi yatha. Ndiye wodwala shuga amayenera kujambulidwa maso pafupipafupi, koma owerenga zithunzizo ndi ochepa. Mu 2016 ofufuza a Google anatenga zithunzi 128,175, madokotala 54 anaziona nkulemba kuti ichi chili ndi vuto ichi chilibe, kompyuta nkuphunzira pa zimenezo mpaka kumafanana ndi akatswiri. Mu 2018 bungwe la FDA loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America linavomereza IDx-DR, makina oyamba ololedwa kupereka yankho okha popanda dokotala kuonanso chithunzicho. Chaka chomwecho chipatala cha Moorfields ku London ndi kampani ya DeepMind anaonetsa pulogalamu yowerenga masikani a OCT, aja amaonetsa retina ngati yadulidwa m'mbali, yomwe imazindikira matenda opitirira 50 ndi kunena kuti uyu aonedwe mwachangu, uyu akhoza kudikira.

Ndiye pali china chomwe chinadabwitsa ngakhale eni ntchitoyo. Pogwiritsa zithunzi zina za ku UK Biobank, komwe anthu pafupifupi 500,000 a ku Britain anadzipereka okha pakati pa 2006 ndi 2010, kompyuta inkatha kuyerekeza zaka za munthu, BP yake, ngati amasuta fodya, komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kungoona chithunzi cha diso basi. Madokotala omwe akhala akuyang'ana m'maso moyo wawo wonse sankadziwa nkomwe kuti zoti uyu ndi mkazi zimaoneka pamenepo.

Koma tisatengeke, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere. Pulogalamu ya Google ija ataipititsa m'makiliniki 11 ku Thailand, lipoti lawo la 2020 linati inakana zithunzi pafupifupi 21 pa 100 zilizonse kuti sizikuoneka bwino. Chifukwa chake? Inaphunzira pa zithunzi zabwino, pomwe manesi ankajambula m'zipinda zowala, mzere wa odwala uli panja, intaneti nayonso ikukoka. Wodwala yemwe chithunzi chake chakanidwa ankauzidwa kuti akaonane ndi dokotala wa maso kwina tsiku lina, pomwe nesiyo akuona yekha kuti disoli lilibe vuto. Mu labu zinali bho, pa kiliniki zinavuta.

Vuto lalikulu kuposa limenelo ndi loti deta imadziwa okhawo omwe analembedwa. WHO imati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo pa anthu amenewa osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Ambiri mwa iwo sanafikepo kwa dokotala wa maso, ndiye mu kaundula mulibe, pa zithunzi palibe. Ofufuza atasanthula deta ya zithunzi za maso yomwe aliyense angaipeze pa intaneti, anapeza kuti mayiko 172 alibemo kanthu. Ndipo mtundu wa kumbuyo kwa diso umasiyana pakati pa anthu, makamera nawonso amasiyana, ndiye makina ophunzira pa gulu limodzi sungangowakhulupirira pa gulu lina usanawayese kaye.

Chinanso, kaundula amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, sanena kuti ichi ndi chomwe chayambitsa icho. Mukaona kuti olandira mankhwala akuti maso awo akuipa kwambiri, mwina nkuti madokotala amapereka mankhwalawo kwa omwe adwala kale kwambiri. Nchifukwa chake nkhani ya cefuroxime inalimba pomwe kafukufuku wa ku Ulaya uja, yemwe anagawa odwala mwamaere, anagwirizana ndi kaundula.

Nanga chinsinsi cha wodwala? Amachotsa dzina ndi nambala, eya, koma kayalidwe ka mitsempha ya retina ndi ka munthu m'modzi yekha ngati chidindo cha chala, ndipo tangomva kuti chithunzi chimaulula zaka ndi zina. Ku Britain mu 2017 ofesi yoteteza deta inagamula kuti chipatala cha Royal Free chinaphwanya lamulo popereka mafayilo a odwala pafupifupi 1.6 miliyoni ku DeepMind osawauza bwino eni ake. Imeneyo inali ya impso osati maso, koma aliyense wosunga zithunzi za maso anamva.

Mu vidiyo yotsatira tiona RETFound, pulogalamu ya Moorfields ndi University College London ya 2023 yomwe inaphunzira pa zithunzi 1.6 miliyoni popanda munthu kuilembera mayankho, ndipo anaiika poyera kuti aliyense aitenge ulere. Tionana komweko.