Mlandu wa Naboti unayenda motsatira malamulo

Okondedwa mwa Ambuye, mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa 1 Mafumu 21, pamene tikuwerenga za munda wa mphesa wa Naboti wa ku Yezreeli. Ambiri a ife tinaimva nkhaniyi ku Sande sukulu ngati nkhani ya mfumu yadyera ndi mkazi wake wouma mtima, koma munthu akaiwerenga mofatsa amapezamo chinthu choopsa koposa pamenepo. Naboti sanaphedwe ndi achifwamba kuthengo ayi. Anaphedwa anthu onse akuona, bwalo la milandu litakhala pansi, mboni zitayankhula, ndipo chigamulo chitaperekedwa monga mwa ndondomeko.

Poyamba mfumu Ahabu inalibe mlandu uliwonse pamaso pa lamulo. Munda wa Naboti unali pafupi ndi nyumba yachifumu, ndipo Ahabu anaufuna kuti azilimamo ndiwo zamasamba, choncho anapempha kuti augule ndi ndalama kapena asinthane ndi munda wina wabwino kuposa umenewo. Naboti anakana chifukwa mundawo unali cholowa cha makolo ake, ndipo Levitiko 25:23 imaletsa kugulitsa nthaka mpaka kalekale popeza mwini wake ndi Mulungu. Mfumu inabwerera kunyumba ili ndwii, inakagona pabedi, n'kukana ngakhale chakudya. Pamenepo tchimo linali litalowa kale, tchimo lophwanya lamulo lachikhumi lija lakuti usasirire, koma ndi tchimo limene wapolisi sangalilembe m'buku lake, pakuti palibe boma limene lingatsekere munthu m'chitokosi chifukwa chakuti mtima wake ukulakalaka cha mnzake.

Yezebeli, mkazi wa Ahabu, ngakhale anali mlendo, mwana wa mfumu ya ku Sidoni, malamulo a Israeli ankawadziwa bwino. Analemba makalata m'dzina la Ahabu, nawadinda ndi chidindo cha mfumu, n'kuwatumiza kwa akulu ndi anthu olemekezeka a mumzinda wa Naboti. Anawauza kuti alengeze kusala kudya, kuti nkhaniyo ioneke ngati ya chipembedzo. Anawauzanso kuti apeze mboni ziwiri, chifukwa Deuteronomo 17:6 salola kuti munthu aphedwe pa umboni wa munthu mmodzi. Mlandu womwe anamusankhira unali wotukwana Mulungu ndi mfumu, zomwe Eksodo 22:28 imaletsa, ndipo chilango cha wochitira Mulungu mwano pa Levitiko 24:16 chinali kuponyedwa miyala. Naboti anatulutsidwa kunja kwa mzinda, naponyedwa miyala mpaka kufa, ndipo 2 Mafumu 9:26 imatchulanso magazi a ana ake aamuna, kusonyeza kuti panalibenso wotsala woti n'kudzafunsa za cholowacho. Munthu wofufuza zikalata za mlanduwo sakanapeza pokayikitsa, chifukwa chidindo chinali chenicheni ndipo mboni zinakwana.

Komabe tsiku limene Ahabu anatsikira kukatenga mundawo anakumana ndi mneneri Eliya, amene sanafunse za zikalata kapena za mboni, koma anamuuza mosapita m'mbali kuti wapha munthu ndiponso walanda cholowa chake. Ahabu sanaponye mwala ngakhale umodzi, ndipo makalata aja sanalembe ndi iye, koma Mulungu anamuwerengera iye magaziwo. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo uwu sunaoledi, pakuti patapita zaka Yehu, mkulu wa asilikali amene analanda ufumu, analamula kuti mtembo wa Yoramu, mwana wa Ahabu, utayidwe m'munda womwewo.

Pali Akhristu anzathu amene amakhulupirira kuti dziko lingakhale lolungama ngati malamulo onse a m'Baibulo atalowa m'malamulo a boma, ndipo amanena zimenezi ndi mtima wabwino. Ine ndikuona kuti nkhani ya Nabotiyi ikuwachenjeza iwo poyamba. Ku Yezreeli lamulo la Mulungu ndi lamulo la dziko linali limodzi, koma lamulo loteteza dzina la Mulungu ndi lomwe linagwiritsidwa ntchito pophera munthu amene anali yekhayo woopa Mulungu m'nkhani yonseyo kufikira Eliya atafika. Lamulo loyera likakhala m'manja mwa anthu osirira silibala chiyero.

Izi sizikutanthauza kuti Mkhristu azipeputsa malamulo a boma. Paulo analembera Akhristu a ku Roma, pa nthawi imene Nero anali pampando, kuti azimvera olamulira ndi kukhoma msonkho, osati chifukwa choopa chilango chokha koma chifukwa cha chikumbumtima (Aroma 13:5-7). Iye mwini ankagwiritsa ntchito malamulo a Roma mopanda manyazi: ku Filipi anakana kutulutsidwa m'ndende mwamseri atakwapulidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo pamaso pa bwanamkubwa Festo anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara. Lamulo labwino la boma ndi mphatso kwa anthu opanda mphamvu. Kuno ku Malawi, m'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye m'malo mwa lakale la 1967, ndipo lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, komanso limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Tiyenera kuthokoza Mulungu chifukwa cha lamulo limeneli. Koma tiyeneranso kuchita manyazi, chifukwa Eksodo 22:22 inali italetsa kale kuzunza mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye, ndipo ambiri mwa anthu amene ankatola makiyi a nyumba, mabulangete ndi makina osokera maliro asanatuluke n'komwe anali anthu obatizidwa, ena mwa iwo oyimba nawo nyimbo za pamaliropo. Boma linachita kulowererapo ndi apolisi pa chinthu chimene mpingo unayenera kuti unachithetsa kale ndi Mawu.

Ndipo ngakhale lamulo limenelo lilipo tsopano, pali zambiri zimene silingazifikire. Mlamu wochenjera masiku ano sabweranso ndi galimoto yodzanyamulira katundu. Amabwera ndi pepala, namuuza mayi wamasiye amene sadziwa kuwerenga, ndipo maso ake akadali otupa ndi kulira, kuti angodinda chala kuti zinthu ziyende msanga. Wina amagula malo a mnzake pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga m'mwezi wa February, podziwa kuti ana a mnzakeyo agona ndi njala, ndipo amaonetsetsa kuti a mfumu ndi mboni asayina. Winanso amabwereketsa ndalama za katapila akudziwa bwino kuti wobwerekayo sangabweze, chifukwa maso ake ali pa njinga kapena pa malata omwe aikidwa chikole. Anthu oterewa akafunsidwa amayankha molimba mtima kuti, “Mapepala onse ndili nawo, kapena tipite kukhoti.” Nthawi zina kukhotiko amapambanadi, popeza woweruza amagamula potengera umboni umene waperekedwa pamaso pake, ndipo sitingamudzudzule pa zimenezo. Koma Ambuye Yesu pa Mateyu 5:21-28 analondola kupha mpaka pa mkwiyo ndi chigololo mpaka pa kayang'anidwe ka diso, kumene bwalo lililonse la anthu silingafike, ndipo kumeneko n'kumene Mkhristu amazengedwa mlandu tsiku ndi tsiku.

Nthawi zina lamulo la boma limalamula choipa chenicheni, ndipo pamenepo Malemba sazengereza. Azamba aja Sifira ndi Puwa anakana kupha ana aamuna a Aheberi ngakhale Farao analamula, ndipo Petro ndi atumwi anzake anayankha bwalo lalikulu la Ayuda kuti, “Tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu” (Machitidwe 5:29). Kwathu kuno, kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 boma linaitcha youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu, komabe anthu anapitiriza kuiwerenga ndi kuipatsirana. Akulu a ku Yezreeli ndi amene anayenera kuchita chomwecho. Ankamudziwa Naboti chifukwa ankakhala naye mumzinda umodzi, koma ataona chidindo cha mfumu anangomvera. Onani kuti onse amene anakana lamulo m'nkhani zimenezi anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha ena kapena chifukwa cha dzina la Ambuye, ndipo palibe anapezapo phindu la m'thumba. Choncho vesi ya Petro ija si yobisalamo munthu wozembetsa katundu pachipata cha dziko kapena wopereka chiphuphu kwa wapolisi wa pamsewu.

Pamene tikuyamba ntchito za tsiku la lero, pali lamulo limodzi laling'ono limene ambiri tikumana nalo dzuwa lisanapendeke. Deuteronomo 24:14-15 imalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pa malipirowo, ndipo Yakobo 5:4 imati malipiro obisidwa a anthu okolola m'minda amafuula mpaka kumveka kwa Ambuye. Mayi wochapa zovala zanu, mnyamata wopalira m'munda mwanu, ndi mlonda amene wagona panja usiku wathawu sangathe kulipira loya, ndipo mukawauza kuti abwere mawa kapena kumapeto kwa mwezi adzangoti zikomo bwana n'kumapita. Ngati pali wina amene mwakhala mukumuuza kuti abwere mawa ndalamayo muli nayo, muitaneni m'mawa uno mumupatse zake zonse.